Tsiku Limene a Phungu Anaimirira Kanayi

Nyumba yanga ili ku Zingwangwa, pamtsetse, ndipo mvula ikagwa ku phiri la Soche madzi ake amadutsa kuseri kwa chipinda changa chogona. Ndi nyumba ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha, imene tinamanga ndi malemu amuna anga. Pakhonde pake ndi pamene ndimasokera. Ndakhala telala zaka zambiri, ndipo anthu a mumzere wathu amandidziwa ndi zinthu ziwiri: msoko wowongoka, ndi pakamwa posachedwa kuyankha. Chachiwirichi sindikana.

A phungu anadzakhala nyumba yachitatu kuchokera panga atagwa pachisankho. Sanali phungu wa kuno. Ankaimira dera lina lakumudzi, ndipo anapambana kanayi, kachisanu anthu anawatembenukira. Titamva kuti kukubwera munthu wa ku Nyumba ya Malamulo, tinkayembekezera galimoto zikuluzikulu ndi mlonda pageti. Kunabwera lole imodzi yokha. Inatsitsa bedi, sofa wothothoka nsalu, ndi makatoni ambiri olemera moti otsitsa katundu anafunsa ngati muli matailosi. Munali mabuku. Nyumbayo anaigula kalekale ali mphunzitsi, asanalowe ndale, ndipo ndi yokhayo imene inawatsalira. Akazi awo anali atamwalira. Mwana wawo wamkazi, namwino, ankakhala ku Nancholi ndipo ankabwera Loweruka lililonse kudzawaona.

Tinadziwana chifukwa cha jekete. Matenda a shuga anali atawaondetsa, ndiye anabwera ndi majekete awiri kuti ndiwachepetse. Anavala tayi, pamene ulendo wawo unali wa nyumba zitatu basi. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti ngakhale kokagula tomato ankapita ndi tayi. Ndikuwayeza m'mapewa, anatulutsa kabotolo ka mankhwala m'thumba n'kundipempha kuti ndiwawerengere zimene zinalembedwapo, chifukwa maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Ndinawawerengera zonse mpaka kumapeto.

"Mayi, sukulu munalekezera pati?" anandifunsa.

"Fomu folo."

"Ndiye mukuwononga chizungu pa makinapa."

Zinandinyansa. "Bambo, makinawa ndi amene amandidyetsa. Chizungu sichinandigulirepo ngakhale mchere."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandipempha ngati ndingamapite kwawo masana ena kukawawerengera mabuku aja. Ine ikamakwana 3 koloko msana umakhala utatopa kale ndi kupalasa makina, ndiye ndinavomera. Kunena zoona ndinkafunanso kuona m'nyumba mwa phungu mmene mumaonekera.

Mabukuwo amatchedwa Hansadi. Ndi mmene mumalembedwa mawu onse amene aphungu alankhula m'Nyumba ya Malamulo, tsiku ndi tsiku, ngakhale a munthu amene wangokuwa ali pampando. Iwo anasunga onse a nthawi yawo, kuyambira Nyumbayo ikukumana ku Zomba mpaka itasamukira ku Lilongwe. Pamene pali mawu awo anaikapo timapepala, tina matikiti a basi akale. Timapepalato tinkagwa ndikamatsegula, ndiye ndinayamba kubweretsa tizidutswa ta nsalu totsala posoka. Pasanathe miyezi iwiri shelefu yawo yonse inali ndi timichira ta chitenje tolendewera.

Ndinkaganiza kuti ndikawerenga za munthu wamkulu wogwedeza dziko. Sizinali choncho. Sanakhalepo nduna. Zaka zonsezo ankakhala mipando yakumbuyo, ndipo zimene ankalankhula zinali za mlatho wina wa kwawo, za nyumba za aphunzitsi zodontha, za mtengo wa nandolo, za amayi oyembekezera ogona pakhonde la chipatala podikira tsiku lawo. Za mlathowo anafunsa nduna zosiyanasiyana, iliyonse ikuyankha kuti nkhaniyo ikuunikidwa. Ine ndinatopa nawo mlathowo ndisanauone n'komwe. Nditawafunsa ngati unamangidwa, anati unamangidwa chaka chimene iwo anagwa, ndipo amene anakadula riboni anali wowalowa m'malo.

Kalankhulidwe kawo kanali kamodzi. Anzawo ena ankadzaza masamba atatu kuyamika ndi kunyoza, ine lilime kuuma powerenga. Iwo ankafotokoza pang'ono, kenako n'kufunsa funso limodzi, n'kukhala pansi. Anandiuza kuti funso labwino ndi limene yankho lake aliyense m'chipindamo akulidziwa kale, koma palibe akufuna kulitchula.

Anandiphunzitsanso mmene munthu amapezera mpata wolankhula kumeneko. "Sukweza mkono ngati mwana wa sukulu," anatero, "ndipo sungoyamba kulankhula ngati uli pa msika wa Ndirande. Amene akulankhula akangomaliza, umaimirira chete. Sipikala akakuona amakutchula. Akatchula wina, umakhala pansi, kudikira kuti amalize, n'kuimiriranso." Anati tsiku lina anaimirira kuyambira m'mawa mpaka Nyumba kuweruka, osatchulidwa ngakhale kamodzi.

"Simunapse mtima?"

"Ndinapsa kwambiri. Mawa lake ndinakaimiriranso."

Ine ndinawauza kuti ndikanakhala ine ndikanamugenda sipikalayo ndi nsapato. Anati n'chifukwa chake Mulungu anandipatsa makina osati dera.

M'mabukumo munalinso zowawa. Akamalankhula, aphungu a mbali ina ankawakuwiza, ndipo wolemba ankalemba zonse. Wina anawauza kuti akhale pansi, nkhani zawo n'zakumudzi. Wina anawatcha phungu wa nandolo. Masiku oyamba ndinkawamvera chisoni, ndiye ndikafika pamizere yotere ndinkangopitirira. Sindinapite nazo patali. Ankakweza chala, maso ali chitsinzinire.

"Mwadumpha, mayi."

"Palibe chimene ndadumpha."

"Pamenepo pali munthu akunditcha phungu wa nandolo. Werengani."

Ndinkabwerera n'kuwerenga, iwo n'kumwetulira. Analiponso malo amodzi pamene iwo eni anapsa mtima n'kutcha nduna ina kuti ndi yabodza, ndipo sipikala anawalamula kuti abweze mawuwo. Anabweza. Anati kumeneko ukakana kubweza mawu umatulutsidwa, ndipo mlatho wako umatsala wopanda woufunsira.

Tsiku limene sindidzaiwala powerenga ndi limene tinafika pa mtsutso wa chuma cha masiye. Aphungu ankakambirana za akazi amasiye amene achibale a mwamuna amawalanda katundu maliro akangotha. A phungu athuwa analankhula mwachidule monga mwa nthawi zonse. Anafotokoza za mayi wina wa kudera kwawo amene anatunga madzi oumbira njerwa zonse za nyumba yake, ali ndi mwana kumsana. Kenako anafunsa Nyumba kuti: tsiku limene mayiyu akutulutsidwa, njerwa yake ndi iti?

Ndinalephera kupitiriza. Ndinalira pomwepo, buku lili pamiyendo. Amuna anga atamwalira, alamu anga awiri anabwera patangotha sabata, n'kumazungulira nyumba akuyang'ana malata ndi mafelemu a mawindo. Inenso ndinatunga madzi a njerwa zija, kuchokera kumtsinje kumunsi, ndili ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri. Ndinalimbana nawo alamuwo chaka chathunthu, mpaka anatopa. A phungu sankadziwa zimenezi. Nditawafotokozera anati iwo anali mmodzi chabe mwa ambiri amene analankhula tsiku limenelo, ndipo sadziwa ngati funso lawo linasintha chilichonse m'lamulo. Tiyi tinamwa atazizira.

Ndafotokoza zimenezi kuti mumvetse chimene nyumbayi ili kwa ine, chifukwa chaka chotsatira inatsala pang'ono kugwa.

Kuseri kwanga kuli ngalande. Madzi ochokera kumtunda amadutsa mmenemo, n'kulowa pangodya ya puloti ya kumunsi kwanga, n'kukagwera mu ngalande yaikulu ya kumsewu. Zakhala choncho chimangire nyumba zathu. Puloti ya kumunsiyo inagulidwa ndi bambo wina wa maminibasi, ndipo iye anayamba kumanga mpanda wa njerwa kuzungulira malo ake onse. Mpandawo unadutsa pakamwa pa ngalande, n'kutseka.

Mvula yoyamba, ija imangobwera kudzazima lupsa, inagwa ola limodzi lokha. Madzi anafika pa mpanda uja, n'kusowa kopita, n'kubwerera kudzaima pa khoma la chipinda changa. Anafika m'mawondo. Ataphwa, pulasitala anali atagwa m'munsi monse, ndipo mng'alu unayamba pansi pa windo. Imeneyo inali mvula yongolawitsa. Ndinadziwa kuti ya Disembala ndi Januwale ikabwera, khoma limenelo silidzaima.

Ndinapita kwa bamboyo mtima uli m'mwamba. Ndinamupeza ali ndi amisiri ake. Sindinapereke moni. Ndinamuuza kuti ndalama za maminibasi zamutseka maso, kuti anabwera dzulodzulo kudzapha anthu okhala kale, ndipo ndinatchulanso za mimba yake, kuti ndi imene yatseka ngalande. Amisiri anaseka. Iye anangolowa m'galimoto. Pofika madzulo mzere wonse unali utamva, koma chimene anthu ankakambirana sichinali madzi. Ankakambirana za pakamwa pa telala.

A phungu anamva ndisanawauze. "Mwamupatsa mphatso yaikulu bambo ameneyu," anatero. "Tsopano nkhani ndi mimba yake. Khoma lanu laiwalika."

"Ndiye ndikanatani? Ndimuombere m'manja?"

"Mukanamufunsa funso."

Komiti ya m'dera mwathu inaitanitsa msonkhano Lamulungu masana, anthu atabwerako ku tchalitchi. A tcheya a komitiyo ndi kalipentala wachikulire, Msilamu, munthu wofatsa amene sakonda mikangano, ndipo misonkhano imachitikira pabwalo la shedi yawo, anthu atakhala pa mabenchi osamalizidwa ndi pa matabwa. A phungu anali asanapiteko ku msonkhano wotere chibwerere. Anandiuza kuti apita, ndipo alankhula m'malo mwanga, koma pa mfundo imodzi: ine ndisatsegule pakamwa. Ndinalonjeza. Anandiuza kuti ndibwereze lonjezolo, ndinabwereza.

Tsikulo anavala jekete ija ndinachepetsa, tayi wofiira, ndi ndodo m'manja. Pamenepo n'kuti maso awo akungoona mthunzi wa munthu basi. Ndinayenda nawo pang'onopang'ono, ndikuwauza pamene pali mwala. Ndinawakhazika pa benchi yakutsogolo chakumbali, ine n'kukhala kumbuyo kwawo ndi amayi anzanga.

Amene sanakhalepo pa msonkhano wa kwathu kuno ndimufotokozere. Palibe amene amapatsidwa mpata. Munthu amalankhula ali chikhalire, ndipo amayamba mnzake asanamalize. Amene ali ndi mawu aakulu ndiye amamveka. A tcheya ntchito yawo ndi kunena kuti "mmodzimmodzi, abale" pakapita mphindi zingapo, ndipo palibe amawamvera. Ine zimenezi ndinazizolowera moti sindinaganize n'komwe zowachenjeza a phungu. Kulakwa kumeneko n'kwanga.

Anayamba ndi nkhani ya akuba, kenako ya dzala la zinyalala. Itafika ya mpanda, bambo wa maminibasi analankhula bwino, ndisaname. Anati akuba amubera mabatire kawiri, kuti puloti ndi yake ndipo mapepala ali nawo, kuti aliyense pano akanakhala ndi galimoto akanamanga mpanda. Kenako anati iye ndi munthu wamtendere, koma mayi ena anabwera kudzamutukwana pamaso pa antchito ake, mpaka kutchula thupi lake. Anthu anang'ung'udza. Ena anatembenuka kundiyang'ana. Ndinaluma mlomo, n'kuyang'ana pansi.

Atangomaliza, a phungu anatsamira ndodo n'kuimirira. Anaima chilili, chete, dzanja limodzi litagwira batani la jekete. Nthawi yomweyo bambo wina wogulitsa makala anali atayamba kale kulankhula za mabatire ake a wailesi amene anabedwanso. Mayi wina wachifundo anaganiza kuti benchi ikuwapweteka, ndiye anawabweretsera mpando wa pulasitiki. A phungu anathokoza ndi mutu, n'kukhala.

Wamakala atamaliza, anaimiriranso. Apa anthu atatu anali akulankhula nthawi imodzi. Bambo amene anakhala pafupi nawo anawanong'oneza, koma mokweza moti tonse tinamva: "Bwana, ngati ndi kuchimbudzi, n'kuseri kwa shediku, kumanzere." Ena anaseka chamumtima. A phungu anati zikomo, n'kukhala pansi.

Kachitatu ataimirira, anthu a pa benchi anakoka miyendo kuwapatsa njira, poganiza kuti atopa akupita kwawo. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene chinkachitika. Madzi saiwala khwawa. Bambo aja ankadikira kuti a tcheya awaone n'kuwatchula, monga ankachitira zaka zonse zija. A tcheya nawo ankawaona ndithu, koma mwa ulemu wa kwathu sakanakalipira munthu wamkulu kuti bwanji mukungoimaima. Aliyense ankamulemekeza mnzake, ndipo khoma langa linali likugwa pakati pa ulemu umenewo.

Ndinafuna kuwakoka jekete ndi kuwauza kuti angoyamba kulankhula. Koma ndinawadziwa. Sakanatero ngakhale nyumba yawo yomwe ikanakhala ikupsa.

Dzuwa linali litapendeka, ndipo a tcheya anayamba kumanga nkhani. Anati mmene amvera, anthu ambiri akuona kuti mpanda ndi wofunika chifukwa cha akuba, ndiye mwina mayi telala angokumba ngalande ina yolowera kwina. Kwina kuti? Mbali imodzi kuli thanthwe, mbali inayo kuli nyumba ya eni ake. Aliyense wokhala pamenepo ankadziwa zimenezi. Koma anthu anali atatopa, ena atayamba kale kukutumula zitenje.

A phungu anaimirira kachinayi. Ulendo uno anavutika kudzuka, ndodo inaterereka pang'ono pa utuchi. Anaima mowongoka, n'kutembenukira kumene ankaganiza kuti kuli a tcheya. Koma a tcheya anali atasuntha. Bambo aja anaima ndi tayi wawo wofiira, akudikira mwaulemu, atayang'ana mulu wa matabwa.

Chinandipweteka mumtima kuposa mng'alu uja. Ndinaiwala lonjezo. Ndinadzuka, ndipo mawu amene anatuluka sanali amene ndinazolowera. Anali a m'mabuku aja, amene phungu amadulira nawo mtsutso akaona kuti dongosolo laphwanyidwa.

"Point of order, a tcheya!"

Pabwalo ponse panabuka phwete. Wina kumbuyo anati telala walowa paliyamenti. Ndinadikira kuti atsirize kuseka. Mawu okhudza mimba ya munthu anali pafupi kwambiri pa lilime, koma ndinawameza.

"A tcheya, bambo awa aimirira kanayi chiyambire nkhaniyi. Si msana, si kuchimbudzi, ndipo sakupita kwawo. Kumene anagwira ntchito, munthu akafuna kulankhula amaimirira n'kudikira kuti wapampando amutchule. Akudikira inu."

A tcheya anagwira pakamwa. Anavula chipewa chawo n'kuchivalanso. "Pepani kwambiri, bwana, ife sitimadziwa. Abale, tiyeni tikhale chete. A phungu, lankhulani."

A phungu anatembenukira kumene mawu anachokera. Anawerama pang'ono. "Zikomo, a tcheya," anatero. Mawu awo sanali aakulu, ndiye anthu anachita kutchera khutu. Anati bambo wa maminibasi ali ndi ufulu woteteza katundu wake, ndipo palibe amene akutsutsa zimenezo. Anati za mawu amene mayi telala analankhula, iwo sakuwaikira kumbuyo. Ndinamva kutentha kumaso. Kenako anati: "Ine ndili ndi funso limodzi, kudzera kwa inu a tcheya, kupita kwa mwini mpanda. Mvula ya Januwale ikagwa ku Soche, madzi akafika pa mpanda wanu, apita kuti?"

Anakhala pansi.

Bambo wa maminibasi anayang'ana mmisiri wake, mmisiri anayang'ana kumwamba. Patapita kanthawi bamboyo anati, "Madzi amapeza okha njira."

"Njira yake ndi kuchipinda kwa mayiwa," anatero mayi uja anabweretsa mpando. Wamakala, amene nyumba yake ili pafupi ndi yanga chakumbali, anawerengera yekha n'kuona kuti khoma langa likagwa madziwo atsatira kwa iye, ndipo anasintha maganizo pomwepo, mokweza. Mmisiri uja atafunsidwa anavomera kuti madzi oima akhoza kugwetsanso mpanda womwewo, ndipo anati anamuuzapo bwana wake. Anthu anayambanso kulankhula onse nthawi imodzi, koma tsopano ankalankhula za madzi.

A tcheya ndi munthu wa ntchito zamanja, ndiye yankho analipeza msanga. Anati paboolewe m'munsi mwa mpanda pamene pali ngalande, paikidwe zitsulo zoima kuti madzi azidutsa koma munthu asalowe. Bambo wa maminibasi anang'ung'udza, kenako anavomera, koma anati za kutukwanidwa kwake zikhala bwanji. A phungu anatembenuzira mutu kwa ine n'kunong'ona: "Bwezani mawu aja."

"Bambo, koma mimbayo ndi yaikuludi," ndinanong'ona.

"Bwezani, mayi. Khoma."

Ndinaimirira n'kunena kuti mawu onse amene ndinalankhula okhudza thupi la bambowa ndawabweza, ndipo andikhululukire. Sanatuluke mosavuta, koma anatuluka. Bamboyo anagwedeza mutu, ndipo msonkhano unatha.

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono monga popita. Ndinkayembekezera kuti andidzudzula chifukwa chophwanya lonjezo, kapena andiyamikira. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Titatsala pang'ono kufika pageti pawo anafunsa: "Kodi analipo amene amalemba?"

"Kulemba chiyani?"

"Zimene zimalankhulidwa."

Ndinawauza kuti kuno palibe amalemba. Zimene tagwirizana timangozisunga m'mutu, ndipo tikaiwala timakangananso. Anangoti "Oo," n'kulowa m'nyumba. Ndinaona kuti zawakhudza.

Nditafika kwanga kunali kusanade. Ndinatenga buku langa la miyeso, limene ndimalembamo chiuno ndi mapewa a makasitomala, n'kutsegula kumapeto. Ndinalemba msonkhano wonse monga amalembera m'mabuku aja: dzina la udindo wa munthu kumanzere, mawu ake kumanja. A Tcheya. Mwini Mpanda. Wamakala. Ndinalembanso pamene anthu anaseka, ndi mawu a uja anati telala walowa paliyamenti. Kubweza mawu kwanga ndinakulembanso, ngakhale dzanja linkakana.

Lolemba masana ndinapita kwawo monga mwa nthawi zonse. Anandiuza kuti nditenge buku la nsalu yobiriwira pa shelefu. Ndinati lero ndabwera ndi langa. Nditayamba kuwerenga anakhala tsonga. Anamvetsera mawu a bambo wa maminibasi, a wamakala, a tcheya. Nditafika pa point of order yanga anaseka, n'kunena kuti kwenikweni siinali point of order yoyenera, koma sipikala wabwino akanailola. Ndinawerenga funso lawo, ndi yankho lake, mpaka kutseka kwa msonkhano. Ndinatseka buku ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Anakweza chala.

"Mwadumpha, mayi."

"Bambo, ulendo uno sindinadumphe. Ngakhale za mimba zilimo."

"Mpando wa pulasitiki uli pati? Bambo uja anandilozera kuchimbudzi ali pati?"

Ndinali nditazisiya dala. Ndinawauza kuti zimenezo n'zochititsa manyazi, ndiponso m'mabuku awo aja salemba kuti munthu waimirira, amangolemba zimene walankhula.

"N'zoona," anatero. Analoza ndi ndodo kumene kuli shelefu. "Onsewo mwawerenga ndi masiku amene ananditchula. Masiku amene ndinaimirira n'kukhalanso pansi ndi ochuluka kuposa amenewo, ndipo mulibe ngakhale limodzi. Ntchito yambiri inali imeneyo. Inu lembani."

Ndinatenga pensulo yanga yolembera miyeso n'kuwonjezera m'mphepete mwa tsamba, iwo akundiuza pamene pakuyenera kulowa chilichonse. Anakumbukira bwino kuposa ine.

Mpanda unaboolewa sabata yomweyo, ndipo zitsulo anawotcherera mnyamata wa ku galaja ya bambo wa maminibasi yemweyo. Mng'alu ndinautseka ndi simenti. Mvula ya Januwale inabwera yamphamvu, masiku atatu osalekeza, ndipo ine ndinkaima pawindo la kuchipinda kuonerera madzi ofiira akuthamanga kudutsa pa zitsulo zija kupita kumsewu. Khoma silinanyowe kupitirira mzere woyamba wa njerwa.

A phungu tsopano amakhala ku Nancholi kwa mwana wawo, chifukwa maso anatheratu ndipo sangakhalenso okha. Mabuku aja anapita nawo, ndi timichira tawo ta chitenje. Langa lili pano pa makina, ndipo ndimaligwiritsabe ntchito. Makasitomala akamadikira amalitsegula nthawi zina, n'kufunsa kuti izi zili kumapetozi n'chiyani, pambuyo pa miyeso ya yunifolomu za ana a sukulu. Pali mzere umene unalembedwa kanayi m'mphepete mwa tsamba, ndi pensulo. Katatu umati: A Phungu anaimirira, sanatchulidwe, anakhala pansi. Wachinayi umati: A Phungu anaimirira.